Magalasi a Eldrid ndi Tsiku Lobwerera Dzuwa

Inu amene mwagwa ndipo mukuona ngati simudzadzukanso, khalani pansi ndikuuzeni za Eldrid, mwana wa a Jentoft, wa pachilumba chathu kuno kumpoto kwa Norway. Nkhani yake ndi yolimbitsa mtima, koma ndisakunamizeni, ili ndi pena powawa.

Panali nthawi imene Eldrid ankakhala m'chipinda chamdima, makatani otseka, bulangete atalikhomera pazenera. Ankadyera mumdima, ankasambira mumdima. Ngakhale kagetsi kofiira ka paketulo anakamata ndi pepala. Mayi amene kale ankaponya chingwe cha sitima kuposa amuna, tsopano ankaopa kutsegula firiji chifukwa cha kababu ka m'katimo.

Ngozi yake inali yosayenera n'kuitchula kuti ngozi. Ankagwira ntchito pasitima yowolotsa anthu ndi magalimoto pakati pa chilumba chathu ndi kumtunda, yomanga zingwe ndi kulozera madalaivala poima. M'mawa wina madzi anali ataundana pansi, iye anaterereka n'kumenyetsa mutu pachitsulo. Anadzuka, anaseka, anamaliza ntchito. Patangopita masiku ochepa kuwala kulikonse kunayamba kumulasa m'maso ngati singano, mutu n'kumawawa mpaka kusanza. Madokotala anati ubongo unagwedezeka, ndipo kuchira kwake kulibe tsiku.

Ntchito inatha. Chibwenzi chinapirira miyezi ingapo, kenako chinatulukira mwadzidzidzi kuti kum'mwera kuli mwayi wosayenera kuutaya. Anzake ankatumiza mauthenga, koma foni sankatha kuiyang'ana, ndiye nawonso anatopa. Anabwerera kunyumba imene anabadwira, kwa bambo ake.

A Jentoft anali msodzi wopuma, ndipo akazi awo anali atamwalira Eldrid adakali pasukulu. Anali munthu wouma pakamwa ngakhale pakati pa anthu ouma pakamwa. M'mawa uliwonse ankaika khofi ndi buledi pakhomo pa chipindacho, kugogoda kamodzi, n'kunena kumene mphepo ikuchokera. Kwa iwo amenewo anali macheza a tsiku lonse. Anali atakalamba, ndipo mumtima mwawo munali chinthu chimodzi: kuona mwana wawo atatuluka m'chipindamo iwo adakali ndi moyo. Eldrid naye ankadziwa kuti padziko lonse watsala ndi munthu mmodzi yekha, ndipo ndi ameneyu wogogoda kamodziyu.

Tsiku lina analankhula ali kuseri kwa chitseko.

"Ababa, musamavutike nane. Ine ndinatha."

"Munthu wotha sadandaula kuti khofi wazizira," anayankha a Jentoft. "Iwe dzulo unadandaula."

Sabata yomweyo anawoloka kupita kumzinda, n'kubwerako ndi kabokosi. Munali magalasi a dzuwa, koma osati wamba. Ukasisita kamwendo kake ndi chala kupita kutsogolo, magalasiwo ankada mpaka bii. Ukabweza chala, ankayera pang'onopang'ono mpaka kufanana ndi zenera. M'timiyendomo munalinso timasipika tobisika, tonong'onera pafupi ndi khutu, moti munthu ungamvere nyimbo kapena foni woyandikana nawe osadziwa kanthu. Wogulitsa anafotokoza zonsezi, koma a Jentoft anangogwirapo za kuda ndi kuyera. Zinazo anati ndi zoseweretsa za achinyamata, ndipo anali ataziiwala asanafike padoko.

Eldrid anakana. Inali nyengo ija dzuwa silituluka kwa miyezi, masana n'kungokhala kambuu, ndiye munthu wovala magalasi akuda pamsewu angaoneke bwanji? Mukudziwa mmene tilili ife a kuno. Kudwala timakhululuka, koma kuoneka wosiyana ndi anzako, ayi.

A Jentoft sanatsutsane naye. M'mawa mwake anafukula magalasi awo akale a panyanja, othyoka mwendo n'kumangidwa ndi waya, anawavala, n'kuima pakhomo atanyamula jekete la mwana wawo. Anaima mpaka Eldrid anachita manyazi n'kutuluka.

Woyamba kuwaona anali mlongo wawo wa a Jentoft, azakhali a Eldrid, a Oddny, amene pakamwa pawo sipaundana ngakhale kuzizire bwanji.

"Taonani anthu a m'mafilimu. Dzuwalo mwaliona kuti, achimwene, poti enafe tikulidikirabe?"

"Likubwera," anatero a Jentoft. "Ife tangokonzekeratu."

Tsiku limenelo anangofika pageti, Eldrid n'kubwerera kukagona mutu ukuwawa. Koma mawa lake jekete linali pakhomo pomwepo. Kenako anayamba kufika pasitolo, kenako patchalitchi, kenako padoko. Magetsi a mumsewu akamulasa, ankadetsa magalasi. Akaona kuti lero kuli bwino, ankawayeretsa pang'ono, pang'ono kwambiri moti wina sangazindikire. Kuchira kwake konse kunali pa kusuntha kwa chala kumeneko.

Musaganize kuti zinangoyenda myaa. Dzuwa litabwerera n'kuyamba kunyezimira pachipale chofewa, anabwerera m'chipinda kwa masabata. Chilimwe chitafika, nthawi ija dzuwa sililowa n'komwe, anaponya magalasiwo pakona n'kunena kuti zamukwana. Bambo ake anawatola, kuwapukuta ndi juzi, n'kuwaika pambali pa khofi. Sananene mawu olimbikitsa ngakhale amodzi, chifukwa analibe. Anali ndi miyendo iwiri ndi chipiriro basi.

Pofika nyengo yamdima yotsatira, Eldrid ankayenda mpaka kumapeto kwa chilumba. Mphamvu zitabwerera, mtima nawo unayamba kulakalaka. Ankayang'ana sitima yake yakale ikutuluka padoko, n'kumadziuza kuti akadzabwererako sadzakaponyanso zingwe. Adzakakhala pamwamba paja, pachiwongolero.

Vuto linali kuwerenga. Mizere yochepa chabe ya m'buku inkamudzutsira mutu, kompyuta ndiye osanena. Apa m'pamene timasipika tija tinamupulumutsa. Anapeza maphunziro a oyendetsa sitima ojambulidwa mawu, n'kuyamba kuphunzira ndi makutu: malamulo a panyanja, mafunde, mphepo, nyali za sitima. Ankamvera akutsuka mbale, akugona chagada maso ali tseke. Kenako anaganiza kuti, popeza ulendo wa tsiku ndi tsiku ndi bambo ake unali wa chete, palibe cholakwika kumamvera akuyenda.

Sanawauze. Ankaopa kulephera anthu akudziwa, komanso ankafuna kudzawadzidzimutsa ndi nkhani yabwino. A Jentoft akang'ung'udza kanthu za mitambo kapena za mtengo wa nsomba, iye ankayankha ndi kaja ka "eya" kathu kokokera mpweya m'kati, kamene kuno kamakwanira pa nkhani iliyonse. Mkuluyo ankakhutira. Maso a mwana wake sankawaona kuseri kwa magalasi, m'makutu munalibe chotsekera, ndiye akanadziwa bwanji kuti akuyenda ndi munthu amene ali m'kalasi?

Analemba mayeso olowera kusukulu ya zapanyanja mumzinda wa Tromsø, ndipo anamutenga. Anasunga nkhaniyo kuti adzainene pa tsiku lobwerera dzuwa.

Tsikulo chilumba chonse chinakwera kaphiri ka kuseri kwa tchalitchi monga mwa chaka chilichonse, ana atatsekera sukulu, amayi atanyamula mabanzi a shuga ndi koko wotentha. A Jentoft anavala juzi yawo ya pa Khirisimasi. Masabata amenewo anali atawoloka kangapo kupita kuchipatala, akuti kukangopimitsa magazi monga amachitira okalamba onse. Atafika pamwamba sanaime pagulu. Anatsogolera mwana wawo ku thanthwe lina lapambali, loyang'ana kunyanja.

Amuna a kuno nkhani yolemera sainenera patebulo, ndipo sakuyang'ana kumaso. Amaima nawe phewa ndi phewa, maso ali pamadzi, n'kuinena kamodzi. Ukaphonya pamenepo waphonya.

A Jentoft anayamba kulankhula. Anauza mwana wawo kuti madokotala awapeza ndi khansa, kuti yafalikira kale, ndipo kuti dzuwa ili ndi lomaliza kuliona likubwerera. Atadutsa pamenepo anapitiriza ndi zina, zimene anazisunga moyo wawo wonse.

Eldrid anali m'kati mwa phunziro la sitima ziwiri zokumana panjira yopapatiza, iti ipatukire inzake. Linali phunziro lomuvuta, ndipo kwa nthawi yoyamba linali likumveka. Anaona ndithu kuti milomo ya bambo ake ikuyenda kuposa masiku onse. Anaganiza kuti dzuwa lawamasula lilime, ndipo ziyenera kukhala nkhani zija za nsomba za makedzana zimene anazimva kambirimbiri. Chala chinafika pakamwendo ka magalasi kuti azimitse mawu, koma anati phunziroli lithe kaye, latsala pang'ono. M'malo mwake anawadetsa kwambiri, chifukwa kumwamba kunali kukufiira. Mkuluyo akapuma, iye ankakoka mpweya: "Eya."

Phunziro linatha nthawi imene dzuwa linasuzumira pakati pa mapiri a kutsidya. Ana anayamba kuimba. Eldrid anangomva mawu omaliza.

"Wandimva, mwana wanga?"

Apa panali pakhomo pomaliza. Akanangoti, "Pepani Ababa, bwerezani," bwenzi ndikukuuzani nkhani ina. Koma anachita manyazi kuulula kuti miyezi yonseyi wakhala akuwayenda pansi, ndiye anavomeranso.

A Jentoft anamugwira paphewa. "Ndiwe wolimba mtima, iwe."

"Ndinatengera inu," anatero Eldrid, akuganiza kuti akunena za kukwera phiri. Ndipo poona kuti nthawi ndi yabwino, anamasula chinsinsi chake: sukulu yamutenga, anyamuka posachedwa, adzabwera chilimwe ali woyendetsa sitima.

Mkuluyo anayang'ana nyanja nthawi yaitali. Kenako anati, "Pita. Mwayi sudikira munthu."

Anapitadi. Ku Tromsø moyo sunali wophweka. Magetsi a m'kalasi ankamuzunza, ankakhala kumbuyo atavala magalasi, anyamata ongochoka kusekondale akumutcha Mayi Ntchentche. Mayeso oyamba analakwa, ndipo analira m'bafa madzi akutuluka kuti asamveke. Koma anali atazolowera kale kugwa n'kupeza jekete pakhomo, ndiye anadzuka. Anapempha aphunzitsi kuti azijambula mawu awo, n'kumawamvera mobwerezabwereza akuyenda m'mphepete mwa doko. Magalasi ankayerabe pang'onopang'ono, mpaka anayamba kuwerenga mapu ndi maso ake.

Lamulungu lililonse ankaimbira bambo ake, mawu awo n'kumamveka pa timasipika tomwe tija. Ankanena za mphepo, za mphaka, za denga la shedi. Mawuwo ankanka nachepa, koma iwo ankati ndi chimfine. Pa Isitala anafuna kubwera, iwo n'kumuletsa kuti asataye nthawi ya mayeso. Chimene chinkamudabwitsa ndi azakhali ake. A Oddny, amene foni yawo siinkatha msanga, tsopano ankangoyankha kuti ali bwino n'kudula.

Chilimwe chitayamba, Eldrid anakhoza, ndipo dokotala wa anthu a panyanja anavomereza maso ake. Anakwera sitima yake yakale ija chiphaso chili m'thumba, mtima ukudumpha ngati wa mwana. Anali atakonza kale mmene akachiikire patebulo osanena kanthu, n'kuona ngati mkuluyo angapirire osamwetulira.

Padoko sanapeze bambo ake. Anapeza a Oddny, manja atapinda pachifuwa.

"Wafika, dona wa sitima. Uli ndi mwayi, wawapeza akupumabe."

Eldrid anafunsa kuti ndani, chachitika n'chiyani.

"Usandiyese chitsiru, Eldrid. Achimwene anakuuza okha tsiku la dzuwa. Anabwera kwanga madzulo ake, akuti mwana walandira bwino, sanagwetse ndi msozi umodzi womwe. Ine ndinati ameneyo si kulimba mtima, ndi mwala. Munthu anakutulutsa mumdima ndi miyendo yake, iwe kumva kuti akufa n'kulongedza chikwama?"

Eldrid anakumbukira thanthwe lija, milomo ikuyenda, chala chake chili pakamwendo ka magalasi. Anasiya chikwama pomwepo n'kuthamanga.

Bedi la a Jentoft anali atalisamutsira pabalaza, pafupi ndi zenera lalikulu loyang'ana kunyanja. Kuwala kunali kutadzaza nyumba yonse. Munthu amene anagona pamenepo anali theka la amene anamusiya, manja aakulu aja atatsala mafupa okhaokha. Eldrid anavula magalasi, ngakhale kuwalako kunkamulasa, n'kugwada pambali pa bedi. Za chiphaso sanazikumbuke n'komwe.

Anawauza zonse, akulira: za timasipika, za maphunziro, za "eya" wopanda kanthu amene ankawapatsa miyezi yonse ija. Anati tsiku lija sanamve mawu ngakhale amodzi.

A Jentoft anamuyang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba patapita zaka. Kenako anayamba kuseka, kuseka kwa munthu wopanda mpweya, mpaka kutsokomola.

"Ndiye ndinkalalikira mbalame za kunyanja?"

"Ababa, ndikhululukireni. Nenaninso. Ndikumva tsopano."

"Za matendazi ukuziona wekha. Zinazo…" Anapukusa mutu papilo. "Ndinazikonza sabata yathunthu m'shedi, ndikuyeserera pa maukonde. Za amayi ako, za tsiku limene unabadwa, za iwe. Zinatuluka kamodzi, ndipo zinatuluka bwino. Ukanamva ukanadabwa kuti ndi ine."

Anawachonderera. Iwo anayesadi, anatsegula pakamwa, koma mwana wawo anali akuwayang'ana kumaso, ndipo mphamvu zinali zitatha. Sipanatuluke kanthu. Patapita nthawi anafunsa funso lawo, motsitsa, maso ali kudenga.

"Ndiye kuti sunandisiye ukudziwa?"

"Ayi, Ababa. Ndikanadziwa sindikanaponda pasitima ija."

"Ndinkauza aliyense kuti mwana wanga ndi wolimba," anatero mkuluyo. "Koma ndikatsala ndekha ndinkadzifunsa kuti kapena ndinamulera molakwika, kapena sindinali kanthu kwa iye. Basi, zandikwanira. Ndipo ndi bwino kuti sunamve, bwenzi utatsala pano kumandiphikira phala. Tandionetsa chipepala chakocho."

Anachigwira ndi manja awiri, kuchiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pa chidindo, n'kunena kuti chithunzi chake anatuluka ngati wakuba. Eldrid anaseka misozi ili m'masaya.

Ntchito imene eni sitima anamulonjeza anapempha kuti idikire. Anakhala pambali pa bedi lija masabata amene anatsala, akumvetsera chilichonse, ngakhale za mphaka. A Oddny atamva mmene zinakhalira anamukalipira kaye chifukwa cha uchitsiru, kenako anamukumbatira. A Jentoft anamwalira usiku utayambanso kuda, mwana wawo atawagwira dzanja. Mawu a pathanthwe aja anapita nawo.

Lero mukakwera sitima yathu, amene ali pachiwongolero ndi Eldrid. Magalimoto amalowa, ana a sukulu amamubayibitsa, ndipo anyamata amene ankamutcha Ntchentche ena ali pansi pake. Anthu odwala matenda ngati ake amamufunafuna, iye n'kumawauza kuti ayambe ndi kufika pageti. Magalasi amavalabe dzuwa likanyezimira pamadzi, ndipo sawaimba mlandu. Amati ndi amene anamutulutsa mumdima n'kumuphunzitsa ntchito, koma chala chimene chinakana kuzimitsa mawu chinali chake.

Ndinamufunsa tsiku lina ngati zimamupwetekabe. Anati phunziro lija la sitima ziwiri amalikumbukira mawu ndi mawu mpaka lero, ndipo akanatha akanalisinthanitsa ndi chiganizo chimodzi chokha cha bambo ake. Madzi akatayika saoleka, ndipo miyezi imene akanakhala nawo inapita ali m'kalasi. Chisoni chimenecho sichinamuchoke, amangoyenda nacho.

Inu amene muli m'chipinda chanu chamdima, kaya ndi matenda, kaya ndi ntchito yotha, kaya ndi mayeso olakwa, musati munatha. Tulukani lero mufike pageti, mawa mudzafika patsogolo pake. Koma pamene mukukwera, yang'anani amene akuyenda pambali panu atanyamula jekete lanu, chifukwa sadzakhalapo mpaka kale. Akatsegula pakamwa, zimitsani zonse mumumvere, ndipo ngati simunamve, musachite manyazi kunena kuti abwereze. Mtima musautaye, komanso musataye munthu amene anakutolerani mtimawo pamene munali mutautaya.